Injini itsala itagwira pati mukachotsa giyabokosi?

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndayifupikitsa pang'ono, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndili ndi Corolla yakale ya injini ya 5A, ya magiya apamanja. Ndimanyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kubwera nazo pa boma, nthawi zina ku Lizulu. Kilatchi yatha. Pa mtunda injini imangolira koma galimoto osayenda, fungo la chinthu chopserera lili guu. Kilatchi yatsopano ndagula kale, koma ndalama ya ku galaja ndilibe, ndiye tikufuna tichite tokha pakhomo ndi mlamu wanga. Tili ndi jeke imodzi ya botolo, masipanala ndi njerwa. Tikamasula giyabokosi, injini itsala itagwira pati? Mnzanga wina akuti titulutse injini yonse tiyipachike ndi chingwe pa mtengo wa mango. Kodi zimatheka?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagwire sipanala. Ambiri amandilembera zinthu zitavuta kale, giyabokosi ili pansi, injini itapendekeka, paipi ya madzi itang'ambika. Ntchitoyi anthu awiri odekha atha kuigwira pakhomo. Koma ndi zida mwatchulazo musayambe. Jeke imodzi ndi njerwa sizikwana, ndipo za mtengo wa mangozo ndikukanizani, chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Muyambe mwamvetsa mmene injini ya Corolla yanuyo inakhalira. Inagona chopingasa, ndipo iyo ndi giyabokosi zinamangidwa pamodzi ngati chinthu chimodzi chokhala pa ma mounting anayi, timipando ta labala timene timagwiriza injini ku chasisi. Wina ali kudzanja lamanja, mbali ya lamba wa timing. Wina ali kumanzere, pamwamba pa giyabokosi, cha pansi pa batire. Enawo ali kutsogolo ndi kumbuyo, mmunsi. Amene amasenza kulemera kwenikweni ndi awiri a m'mbali aja. Wakutsogolo ndi wakumbuyo ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa injini kugwedera mukamanyamuka kapena posintha giya. Tsono kuti giyabokosi ituluke, wakumanzere uja achoka, enanso awiri amunsiwo mumasula. Injini yatsala pa mounting mmodzi yekha, wa labala, amene wakhala akudya mabampu a msewu wa ku Tsangano kwa zaka. Injini ya 5A thupi lake ndi la chitsulo cholemera chija, imaposa makilogalamu 100, tinene matumba awiri a feteleza ndi kadontho pamwamba. Labala mmodzi sangagwire katundu ameneyo atalendewera mbali imodzi. Imagwa chopendama, n'kukoka mapaipi a redieta, mawaya ndi ekizozi, ndipo ngati dzanja la mlamu wanu lili pakati pa injini ndi chasisi nthawi imeneyo, zala zapita.

Pa ntchitoyi pali akatundu atatu: galimoto, injini, giyabokosi. Aliyense akhale ndi chomugwira chakechake. Chida chimodzi chisagwire ntchito ziwiri. Apa ndi pamene anthu a jeke imodzi amalakwira, amakweza galimoto, n'kuika njerwa, jeke ija n'kupita nayo pansi pa injini, nthawi yotsitsa giyabokosi ikakwana n'kuifunanso jeke yomweyo.

Za galimoto sinditalikitsa. Pezani malo athyathyathya ndi olimba. Kwathu kuno ku Dedza ngakhale kwanu ku Ntcheu mabwalo ambiri ndi otsetsereka, ndiye ngati pakhomo panu pali potero kankhirani galimoto kwa aneba, musakakamire. Kokani handibuleki, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manati aakulu a ma drive shaft aja, zitsulo zochokera ku giyabokosi zimene zimazungulitsa matayala akutsogolo, amasuleni galimoto ikadali pansi, chifukwa amafuna mphamvu yoti itha kugwetsa galimoto yomwe ili m'mwamba. Njerwa zootcha ayi, mabuloko a simenti ayi. Sizichenjeza, zimangophwanyika nthawi imodzi. Bwerekani ma stand achitsulo, kapena dulani zipika zamphumphu za bulugama, zosalala pansi ndi pamwamba. Matayala mwachotsawo agonekeni pansi pa galimoto m'mbali, kuti china chikalephera galimoto ikafikire pa limu osati pa chifuwa cha munthu. Batire chotsani ndithu, poti ngakhale malo ake mukuwafuna.

Tsopano injini. Njira imene ine ndimakonda, komanso imene ndikukulimbikitsani, ndi yoigwira kuchokera pamwamba. Boneti itsegulidwe mpaka kumapeto kapena ichotsedwe, ndiye mupingase mtanda wolimba kuchokera mbali ina ya galimoto kufika mbali ina. Ku magalaja akuluakulu ali ndi chitsulo chopangira zimenezi, koma mtengo wa bulugama wouma wa mainchesi 4 mbali zonse, wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, umagwira ntchito yomweyo. Matabwa a paini tili nawo ambiri kuno, koma ngati ndi paini musankhe wopanda mfundo pakati, ndipo akhale wonenepa kuposa pamenepa, chifukwa paini amathyokera pa mfundo. Mtandawo usatsamire pa fenda yakunja yopentedwayo, ndi lata chabe. Ikani tizipika pamalo olimba am'kati, cha pamene pamamangidwa mitu ya mashoko, mtanda ukhale pa tizipikato. Gogodani kaye malowo ndi hamala. Corolla za zaka zimenezo zina dzimbiri linadya kale m'menemo.

Pakati pa mtanda, molunjika ndi mbali ya injini yoyandikana ndi giyabokosi, boolani bowo. Mulowetsemo chitsulo chachitali cha mazinga, chija amati threaded rod, cha saizi ya M12, pamwamba muike washa wamkulu wokhuthala ndi nati. Kumunsi kwake akuwotchererani mphete yotsekeka. Wowotcherera aliyense wa pa boma pa Ntcheu achita zimenezi pa mphindi zochepa. Musapinde ngowe yotseguka ndi manja, imawongoka. Kuchokera pa mpheteyo, kaunyolo kafupi kapite pa ngowe yonyamulira injini imene opanga galimoto anaika pa mutu wa injini. Ngati ngoweyo inachotsedwa, mangani unyolowo pa bowo lolimba la mutu kapena thupi la injini ndi bawuti yolembedwa 8.8 pamutu, yolowa mazinga ambiri. Pa manifodi, pa alitaneta kapena pa paipi iliyonse musakolekepo.

Ubwino wa chitsulo cha mazingachi ndi umene ndikufuna muugwire. M12 wamba mukazungulitsa nati kamodzi amayenda mamilimita 1.75 basi. Ndiye kuti injini mutha kuikweza kapena kuitsitsa pang'onopang'ono mmene mukufunira, ndipo pamene mwaisiya imakhala pomwepo mpaka mawa. Chingwe sichingatero, jeke ya botolo singatero. Komanso pansi pa galimoto pamakhala pa mbee, palibe chokupingani pokoka giyabokosi.

Ena amagwira injini kuchokera pansi, jeke pansi pa sampu, beseni lija la oyilo la kunsi kwa injini. Zimatheka, inenso ndachitapo kambirimbiri, koma ili ndi misampha yake. Sampu ndi lata lopyapyala, ndipo m'kati mwake, pafupi kwambiri ndi pansi, muli kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Kamutu ka jeke ya botolo n'kakang'ono ngati chitsekerero cha Fanta. Kakabonyola sampu, kasefa kaja kamatsekeka, oyilo n'kumayenda moperewera, mwezi usanathe injini yayamba kugogoda. Ngati mukuika jeke pamenepo, pakati pakhale thabwa lokhuthala, lalikulu ngati mbale ya nsima, kuti kulemera kufalikire mpaka m'mphepete mwa sampu momwe muli molimba. Ndipo pa ntchito imeneyi jeke yopukusa ija imene imabwera ndi galimoto m'buti imaposa ya botolo, chifukwa ndi ya mazinga, sitsika yokha. Ine ndikanakhala inu ndikanachita zonse ziwiri: mtanda pamwamba kusenza katundu, jeke yopukusa ndi thabwa pansi kungokhudza sampu ngati mlonda.

Zoti jeke ya oyilo, ngati ya botoloyo, imatsika yokha ndinaziphunzira mowawa. Ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito pa galaja ina kuno ku Dedza, tinalandira pikapu ya mlimi wina wa ku Bembeke. Munali mu June, kuzizira kuja kumene sipanala imaluma m'manja. Tinachotsa giyabokosi m'mawa, kumbuyo kwa injini tinasiya pa jeke ya botolo, n'kumanga kilatchi yatsopano bwinobwino, kenako tinapita kokadya. Pobwera giyabokosi inalowa koma inatsala kampata kokwana chala chimodzi. Tinagwedeza, tinakankha ndi mapazi, osatheka. Ine ndinatenga mabawuti awiri aatali n'kuyamba kuikoka ndi sipanala, uku pang'ono uku pang'ono, mpaka kampata kanatseka. Titaliza injini, giya osalowa, kumangokhadzula. Tinachotsanso zonse. Puleti ya kilatchi yatsopano ija inali itapindika pakati. Jeke inali itatsika pang'ono nthawi ya nkhomaliro, injini n'kuwerama kumbuyo, ndiye shafuti ya giyabokosi, imene imalowa pakati pa puleti, inkalowa chopendeka ndipo ine ndinaikakamiza. Mlimi uja anadikira masiku ena awiri kuti puleti ina ibwere kuchokera ku Lilongwe, tomato wake ali m'madengu. Sanakalipe. Anangokhala pa tayala lakutha panja pa galaja, atafunda jekete, kumayang'ana galimoto yake. Nkhope imeneyo ndimaikumbukira nthawi zonse ndikaona kampata pakati pa injini ndi giyabokosi.

Ndiye potulutsa chitani chonchi. Khuthulani oyilo wa giyabokosi musanazule ma drive shaft. Kasilinda ka kilatchi kamene kali pa giyabokosi kamasuleni mabawuti ake n'kukamangirira pambali ndi waya, paipi yake osaitsegula, ndipo pasapezeke mwana woponda pedulo ya kilatchi. Sitata, zingwe za magiya, mawaya, zonse zichoke. Mangani nati ya pa mtanda mpaka muone kuti injini yanyamuka pang'ono ndipo bawuti yaitali ya mounting wakumanzere ikuzungulira mosavuta ndi zala. Chimenecho ndiye chizindikiro chakuti mtanda walandira katundu. Ikamalimba, katundu akadali pa mounting, musaikhome ndi hamala.

Mukachotsa ma mounting, injini iyenera kutsika masentimita ochepa mbali ya giyabokosi kuti giyabokosiyo ipeze njira pansi pa chasisi. Bwezani nati pang'onopang'ono, wina akuyang'ana ndi tochi: mapaipi a redieta asakokeke, pule ya mbali ya lamba wa timing isakhudze chasisi mbali inayo, ekizozi isapanikizike. Ekizozi ikaoneka kuti ikukana, imasuleni pa joini yoyamba.

Giyabokosi ya galimoto ngati yanu imalemera makilogalamu a m'ma 30 mpaka 40. Pa sikelo si zambiri, koma ilibe pogwira, ndi yoterera, ndipo kulemera kwake kuli mbali imodzi. Musaigonere pansi kuti muilandire pa chifuwa. Ngati mungabwereke jeke ya ku galaja ija yoyenda pa timatayala, ikani thabwa pamwamba pake. Ngati palibe, kulungani lamba wolimba womangira katundu pa giyabokosi, adutse pa mtanda wina wachiwiri, mlamu wanu azitsitsa ali pamwamba, inu mukuwongolera muli pambali. Chachikulu n'chakuti ituluke molunjika mpaka shafuti itachoka yonse mu kilatchi. Isalendewere pa shafuti ngakhale kamphindi.

Za kilatchi yeniyeniyo ndingotchula zimene zimakhudza kulowa kwa giyabokosi. Fumbi la m'menemo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu, pukutani ndi kansalu konyowa, chifukwa mapuleti ena akale anali ndi asibesitosi. Yang'anani kumbuyo kwa flywheel, chimbale cholemera chija cha pa injini chimene kilatchi imamangidwapo. Ngati pali oyilo, silo ya kumbuyo kwa injini ikudontha ndipo iwononga puleti yatsopanoyo, isintheni lero lomwe. Puleti ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, zambiri zimalembedwa. Musanaimange iyeseni pa shafuti ya giyabokosi muone ngati mano akugwirizana, poti m'mashopu amatha kukupatsani ya galimoto ina. Girizi pa mano a shafuti akhale wochepa zedi. Release bearing, bering'i imene imakankha kilatchi mukaponda pedulo, sinthani, musaumire. Ndipo puletiyo ikhale pakatikati penipeni musanalimbitse pressure plate, chivundikiro chimene chimapanikiza puletiyo ku flywheel. Chida chake chabwino ndi shafuti yakale ya giyabokosi. Mukaisowa, kamtengo kozungulira kokulungidwa tepi mpaka kathine pabowo la puleti kamathandiza, kenako muzungulire ndi chala m'mphepete kuona ngati puleti yafanana mbali zonse. Mabawuti a pressure plate mangani modumphadumpha, pang'onopang'ono. Ndi ang'onoang'ono, pa Corolla amangofuna 19 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu, musawakokere ndi paipi.

Pobweza ndi pamene mtanda uja muuthokoze. Kwezani giyabokosi ifike msinkhu wa injini, ndiye muyang'ane kampata ka pakati pa ziwirizi. Kakhale kofanana pamwamba, pansi ndi m'mbali. Ngati pamwamba n'potseguka kuposa pansi, musalimbane ndi giyabokosi, zungulitsani nati ya pa mtanda kawiri kapena katatu, injini ibwere yokha pa mzere. Ndi chifukwa chake ndalimbikira chogwirira chosunthika. Amakaniko ambiri timasunga mabawuti awiri aatali odulidwa mitu. Mumawamanga ku injini, giyabokosi n'kumatsetsereka pa iwo ngati pa njanji. Mano a shafuti akakana kulowa mu puleti, wina azungulitse injini pang'ono ndi sipanala pa bawuti ya pule, inu mukukankha ndi manja. Ikalunjika mumva kuti khutyu, yakhala pa timapini take tiwiri, kampata katha. Pamenepo ndiye mumange mabawuti. Ikatsala ngakhale theka la chala, tulutsani muonenso. Nthawi zambiri puleti sili pakati.

Tibwere kwa mnzanu uja. Chifukwa cha kilatchi yokha palibe chotulutsira injini, mungodzichulukitsira ntchito ya mawaya, madzi ndi mapaipi a petulo. Koma tsiku lina mudzafuna kuitulutsa, mwina yokakonza yonse, ndiye mudziwiretu. Nthambi ya mango ndi yofwamphuka, imathyoka mwadzidzidzi, ndipo zambiri zimakhala zitafumbwa m'kati kunja zikuoneka zabwino. Chingwe cha nayiloni chimatamuka, chimaterera ndi oyilo, ndipo ngodya zakuthwa za injini zimachicheka. Komanso ndi chingwe mungakweze, koma kutsitsa pang'onopang'ono simungathe. Chofunika ndi chain block, chokwezera katundu cha unyolo, ya tani imodzi, yobwereka kapena ya hayala pa galaja, yopachikidwa pa milongoti itatu yonenepa ya bulugama, yomangidwa pamwamba ndi unyolo, miyendo yake yokumbiridwa pansi kuti isatagadze. Kwezani injini ichoke pa ma mounting chala chimodzi chokha, imani, muone ngati milongoti ikulira kapena kutitimira. Ikakwera mpaka pamwamba musaikankhe kuti ituluke. Kankhani galimoto ibwerere m'mbuyo, injini itsike pomwepo.

Pansi ifikire pa tayala lakutha, sampu ilowe m'bowo la tayala, m'mbali muitsamiritse ndi zipika kuti isagubuduke, ndipo unyolo ukhalebe wokoka pang'ono pamene mukugwira ntchito. Poisuntha musaikweze pa wilibala, imagudubuka. Tayalalo likhale pa thabwa lalikulu, pansi pa thabwa muike mapaipi atatu, muzikankha n'kumabweza paipi yakumbuyo kutsogolo. Poibwezera ku injini pansi pomwepo, giyabokosi nayo muikhazike pa matabwa mpaka ifanane msinkhu ndi injini, n'kuitsetsereza. Dziwaninso kuti mukamanga giyabokosi kulemera kumasamukira mbali yake, ndiye pokweza ulendo wachiwiri ngowe ya chain block isunthire cha komweko, apo ayi zonse zipendama m'malere.

Kwa anzanga a Hilux ndi Hiace amene mukuwerenga nawo: zanu n'zosiyana pang'ono. Injini inagona chautali pa ma mounting awiri, ndipo kumbuyo imadalira chitsulo chopingasa chimene chimagwira giyabokosi. Mukachichotsa injini imawerama chakumbuyo. Kuwerama pang'ono n'kofunika kuti mufikire mabawuti apamwamba, koma kukapyola fani imagunda chivundikiro cha redieta ndipo mutu wa injini umakanikiza mapaipi kukhoma la kumbuyo. Injini za dizilo zimenezo zimaposa makilogalamu 200. Ikani chizindikiro pa propeller shaft, shafuti yaitali yopita ku matayala akumbuyo, musanaimasule kuti ibwerere mmene inalili, ndipo pilot bearing, kabering'i ka pakati pa flywheel, muione.

Achimwene a ku Ntcheu, pomaliza ntchito musafulumire kuchotsa mtanda. Kwezani injini ibwerere pamalo pake, lowetsani mabawuti a ma mounting onse anayi ndi zala, osalimbitsa. Onse akalowa, bwezani nati ya pa mtanda kuti injini ikhale pa ma mounting ake, kenako limbitsani. Mukalimbitsa mmodzi enawo asanalowe, labala amakhala wopotoka, galimoto imanjenjemera ndipo mounting sachedwa kuduka. Popeza mwawachotsa kale, apindeni ndi manja muone ngati ali ong'ambika. Thirani oyilo wa 75W-90 mu giyabokosi mpaka ayambe kubwerera pabowo lothirira. Masiku oyamba matumba a kachewere muchepetseko, ndipo pa mtunda muziima ndi handibuleki m'malo mogwira galimoto ndi kilatchi.

Muyambe m'mawa, tsiku lopanda mvula komanso lomwe si la msika, kuti pasakhale chokuthamangitsani. Mdima ukakupezani giyabokosi isanalowe, isiyeni pansi, fundikani kilatchi ndi pepala la pulasitiki, ana muwauze asayandikire. Mtandawo mukaupanga mujambule chithunzi, makamaka pamene watsamira ndi pamene mwakoleka unyolo, munditumizire pa imelo yomweyi musanamasule mounting woyamba. Ndimayang'ana foni m'mawa ndisanatsegule galaja, ndikuyankhani tsiku lomwelo.